Achinyamata athu si fodya wa ku okushoni

Mwezi wa Novembala 2023 kudachitika zinthu ziwiri zomwe ambiri tidaziona ngati zosakhudzana. Kumayambiriro kwa mweziwo, banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti chifukwa ndalama zakunja zidali zitasowa. Mwezi usanathe, ndege idanyamuka ku Lilongwe itatenga achinyamata 221 kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, dziko lomwe panthawiyo lidali pakati pa nkhondo. Zinthu ziwirizi ndi nkhani imodzi. Dziko lomwe fodya wake sakukwanitsanso kulipirira mafuta agalimoto, fetereza ndi mankhwala lidayang'ana uku ndi uku kufuna china choti ligulitse kunja, ndipo lidapeza kuti chomwe lili nacho chochuluka ndi anyamata ndi atsikana opanda ntchito.

Ine sindikutsutsa zoti munthu apite kukasaka ganyu kunja. Amene amatsutsa zimenezi nthawi zambiri amakhala kuti malipiro ake amalowa kubanki pa 27 mwezi uliwonse. Chomwe chikundivuta ndi momwe tikuchitira malondawa. Mlimi wa fodya amadziwa bwino za msika womwe wogula ndiye amatchula mtengo, ndiye amanena kuti belo ili labwerera, ndiyenso amasankha tsiku lomwe asiye kugula. Ana athu tikuwatengera ku msika wa mtundu womwewo, pamene zinthu padziko lapansi zatembenuka mwakuti ogulawo ndi amene ali pa mpanipani kuposa momwe timaganizira.

Tiyambe ndi chiwerengero. Kalembera woyamba dziko lino litalandira ufulu, wa 1966, adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 2008 adapeza 13 miliyoni, wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthu amenewo lidali losafika zaka 18. Lero tadutsa 20 miliyoni. Chaka chilichonse achinyamata oposa 400,000 amakwanitsa zaka 18. Munda wa agogo womwe udagawidwa kwa ana asanu ndi mmodzi, kenaka n'kugawidwanso kwa adzukulu, watsala kachigamba kosafika n'komwe hekitala imodzi. Pamenepo munthu sangamangepo banja. N'chifukwa chake mukaima pa siteji ya Mchesi kapena ku Limbe m'mawa mudzaona njinga zamoto za kabaza zili mbwee, khumi kulimbirana munthu mmodzi, ndipo ena mwa oyendetsawo ali ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama kunyumba. Pambali pawo pali timatebulo ta Airtel Money ndi Mpamba tandanda pansi pa maambulera, tisanu m'malo oti kamodzi kakanakwana. Luso lamakono lidabweretsadi ntchito imeneyo, koma phindu lake likugawidwa kwa anthu ochuluka kwambiri mwakuti aliyense amaweruka ndi ya tomato ndi kabonya basi.

Kumayiko olemera vuto lili mbali inayo. Chiwerengero cha anthu ku Japan chidafika pachimake cha m'ma 2008, pa 128 miliyoni, ndipo chakhala chikutsika. Pafupifupi anthu atatu mwa khumi aliwonse kumeneko ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Mu 2024 kampani ya Oji Holdings idalengeza kuti ikusiya kupanga matewera a makanda ogulitsa m'dzikomo kuti ilimbikire matewera a akuluakulu, chifukwa msika uli kumeneko. Ku South Korea, mu 2023, pa avereji mayi mmodzi amayembekezeka kubereka ana 0.72 moyo wake wonse, pamene pamafunika ana awiri kuti chiwerengero chingoima pamodzi. China nayo idayamba kuchepa mu 2022. Italy ndi Germany ali m'njira yomweyo.

Dziko likakalamba chonchi limakhala ndi njira zitatu zokha. Likhoza kuuza anthu ake kuti apume pantchito mochedwa, koma mudaona momwe misewu ya Paris idayakira moto mu 2023 boma litafuna kukweza zaka zopumira pantchito kuchoka pa 62 kufika pa 64. Likhoza kugula makina, ndipo si mwangozi kuti South Korea, komwe ana akubadwa ochepetsetsa, ndi komwenso kuli maloboti ochuluka kwambiri m'mafakitale, oposa 1,000 pa antchito 10,000 aliwonse. Njira yachitatu ndiyo kuitana alendo. Andale a kumeneko saikonda njira imeneyi chifukwa imawaluzitsa mavoti, choncho amaitenga ngati yongogwirizira. Mlendo amalowa pa ntchito yomwe makina sanayambe kuigwira bwino kapena akadali odula, ndipo amakhalapo mpaka tsiku lomwe makinawo atsike mtengo kapena chisankho chibweretse boma lodana ndi alendo. Aliyense wokonza ndondomeko ya zachuma ku Capital Hill ayenera kumvetsa kuti ife pa msika umenewu ndife ogwirizira.

Tidaziona kale zimenezi, ndipo mboni zake zikadali moyo m'midzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi. Boma linkapindula chifukwa gawo lalikulu la malipiro awo linkasungidwa n'kudzalipiridwa kuno kwathu, kutanthauza kuti ndalama zakunja zinkalowa m'nkhokwe za dziko. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za kumigodi, amuna zikwizikwi adabwerera, ambiri n'kukathera m'maesiteti a fodya pa malipiro ochepa kwambiri. Eni migodi sadagwade. Adakweza malipiro, n'kuyamba kulemba nzika za dziko lawo lomwelo ndi za mayiko ena oyandikana nalo. Pamene khomo lidatsegukanso mu 1977, Wenela itasanduka TEBA, lidatseguka pang'ono chabe. Pofika 1988 padabuka mkangano wa kuyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo pomafika 1992 amuna pafupifupi 13,000 adali atabwezedwa, nkhani ya TEBA n'kuthera pomwepo. Migodi ya golide yomwe nthawi ina inkalemba anthu pafupifupi theka la miliyoni lero ilibe ngakhale kota ya chiwerengero chimenecho.

Pitani ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzimba mukafunse agogo a ku Joni. Adzakuonetsani sutikesi yachitsulo yomwe adabwera nayo, mwina ndi chimango cha njinga chomwe chidapachikidwa kudenga la khitchini. Ena akukhosomola usiku wonse chifukwa cha fumbi la mumgodi lomwe lidauma m'mapapo. Makampani a golide adavomera mu 2018 kupereka chipukuta misozi cha marandi 5 biliyoni kwa omwe adadwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo. Koma kuti ulandire uyenera kusonyeza kuti udagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti zaka zakutizakuti. Nkhalamba yomwe kakhadi kake ka kumgodi kadadyedwa ndi chiswe zaka makumi atatu zapitazo ikayambira pati? Misonkhano ya omwe adagwira ntchito m'migodi yakhala ikuchitika boma lililonse, mayina akulembedwa mobwerezabwereza, anthu akutha mmodzimmodzi akudikira. Dziko lidadya ndalama zakunja za anthu amenewa ali anyamata, koma silidasunge bwino ngakhale mapepala awo.

Tsono tibwere ku Israel. Dziko limenelo si lokalamba ngati Japan. Kumeneko ana akubadwa ambiri. Kusowa kwa antchito m'minda kudabwera ndi nkhondo. Chiwembu chomwe gulu la Hamas lidachita ku Israel pa 7 Okutobala 2023 chisanachitike, m'mindamo munkagwira ntchito nzika za Thailand pafupifupi 30,000. Ena adaphedwa, ena adagwidwa ukapolo, zikwi zingapo zidathawa kubwerera kwawo, ndipo Apalestina adaletsedwa kulowa kudzagwira ntchito. Ife tidapita kukatseka mpata womwe anzathu adauthawa. Gulu loyamba lidanyamuka kudzera m'makampani olemba anthu ntchito, Amalawi ambiri n'kumva nkhaniyo ndege itatsala pang'ono kuuluka, ndipo mgwirizano wa boma ndi boma udadzasainidwa mu Epulo 2024, ana ali kale m'minda. Mwezi wotsatira tidamva kuti 12 abwezedwa chifukwa chothawa m'minda kukafuna ntchito zina m'tauni. Akuluakulu adawadzudzula. Ine funso langa lidali lina: munthu wochoka ku Malawi, yemwe wakhala zaka osaona malipiro, chingamuthawitse pa ntchito n'chiyani ngati zomwe adalonjezedwa ndi zomwe adazipezadi? Nanga akadandaula, akadandaulira yani?

Pali chinanso. Israel ndi limodzi mwa mayiko omwe ali patsogolo popanga makina a ulimi. Kampani ya kumeneko ya Tevel imapanga timaloboti touluka tomwe timathyola zipatso mumtengo, timasankha yakupsa n'kusiya yaiwisi. Lero makina oterewa sanafike pomuposa munthu pa mbewu zonse, n'chifukwa chake mlimi akufunabe manja. Koma ndondomeko ya dziko yomwe ikudalira kuti zaka khumi zikubwerazi mlimi wa ku Israel azidzafunabe manja a mnyamata wa ku Mchinji yamangidwa pa nthaka yogumuka.

Ntchito yomwe makina akuilephera kwambiri ndi yosamalira munthu. Japan yathira ndalama zambiri pa maloboti osamalira okalamba, koma mpaka lero kusambitsa nkhalamba, kuitembenuza pabedi kuti isachite zilonda, kuinyengerera kuti idye, ndi ntchito ya manja a munthu. N'chifukwa chake mu 2019 dziko lomwe kale silinkafuna n'komwe kumva za alendo lidatsegula chilolezo chatsopano cha antchito akunja, kuphatikizapo osamalira okalamba. Apa ndiye pali msika wokhalitsa. Komabe ngakhale pamenepa khomo limatsekedwa mosachenjeza. Britain idalola osamalira okalamba ochokera kunja mu Febuluwale 2022. Anthu a ku Zimbabwe, Nigeria ndi India adakhamukirako, Amalawi ena nawonso adagulitsa mapuloti ndi magalimoto kuti alipire madobadoba owapezera kalata ya ntchito, ena n'kukafika kumeneko kupeza kuti ntchitoyo kulibe. Mu Malichi 2024 boma la Britain lidaletsa antchitowa kutenga mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 lidatsekeratu njira yolemba osamalira okalamba kuchokera kunja. Okalambawo sadachepe ayi. Chidasintha ndi ndale.

Wina anena kuti wopempha sasankha, ndipo dziko losauka ngati lathu likayamba kuika mfundo zambiri ogulawo angopita ku Uganda kapena ku Nepal. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu ndithu, makamaka pa ntchito za m'munda zomwe aliyense angagwire. Koma imafooka tikafika pa ntchito zofuna maphunziro, ndipo mbiri yathu nayonso ikuitsutsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ankapita ku Britain chaka ndi chaka, zipatala kuno zikutsala zopanda anthu pamene Edzi inkapha kwambiri. Boma lidakweza mawu, ndipo kuyambira 2005 Britain pamodzi ndi Global Fund adathandiza kulipira ndondomeko yomwe idawonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti komanso kuchulukitsa ophunzira m'makoleji a zaumoyo. Tidali osauka nthawi imeneyo monga tilili lero, koma wotenga anthu athu adalipirako kanthu. Lero dziko la Malawi lili pa mndandanda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wa mayiko omwe ena sayenera kumabwera kudzakopa ogwira ntchito zachipatala popanda mgwirizano wa maboma. Chimenecho ndi chida chokambirana nacho. Chomvetsa chisoni n'chakuti pali anamwino omwe adamaliza maphunziro akungokhala pakhomo chifukwa boma lilibe ndalama zowalembera, pamene m'mawodi namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumimakumi usiku wonse. Dziko lofuna anamwino athu liuzidwe poyera kuti pa aliyense yemwe litenge lilipire maphunziro a ena otsala, ndipo ndalamazo zilembedwe mu bajeti kuti aphungu azitha kuzilondola.

Philippines imatchulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo, ndipo pali zoti tiphunzireko. Idayamba kutumiza anthu kunja mwadongosolo mu 1974, idakhazikitsa ofesi yoona za ntchito zakunja mu 1982, lero ili ndi unduna wathunthu wa antchito a kunja, ndipo imatha kuimitsa kutumiza anthu ku dziko lomwe likuzunza nzika zake, monga idachitira ndi Kuwait mu 2018. Anthu ake amatumiza kwawo ndalama zoposa $30 biliyoni pachaka. Koma onaninso mbali inayo. Ndondomeko yomwe idayamba ngati yakanthawi yatha zaka makumi asanu, ndipo mpaka lero ana ambiri a kumeneko akuleredwa ndi agogo, amayi awo akulera ana a eni ku Hong Kong ndi ku Riyadh. South Korea nayo idatumizapo amuna kumigodi ndi anamwino ku West Germany m'zaka za m'ma 1960, koma ndalama ndi nthawi zomwe idapeza idazithira m'masukulu ndi m'mafakitale, ndipo patangotha m'badwo umodzi idasanduka dziko lolandira antchito. Kusiyana kwa mayiko awiriwa kudachokera pa zomwe adachita kwawo ana ali kunja.

Apa ndi pomwe nkhawa yanga yaikulu ili, chifukwa zomwe tikuyembekezera kuti zidzalemba achinyamata ntchito kuno kwathu nazonso zikulowedwa ndi makina. Timamva za migodi: Kayelekera ku Karonga, Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe. Migodi imeneyi ikhoza kubweretsa ndalama zakunja ngati mapangano ake ali abwino, koma mgodi wamakono umalemba anthu mazana angapo, ukachulutsa zikwi zochepa. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi zimakina zomwe woyendetsa wake ndi mmodzi. Minda ikuluikulu nayo chimodzimodzi: thirakitala imodzi imalima tsiku limodzi munda womwe mudzi wonse ukanalima sabata. Ku Kericho m'dziko la Kenya, anthu adafika powotcha makina othyolera tiyi mu 2023 chifukwa makina amodzi amachotsa ntchito anthu ambirimbiri. Amene akuganiza kuti nkhani imeneyi sidzakula ku Thyolo ndi ku Mulanje akudzinamiza, pakuti tiyi wathu amakapikisana ndi wa ku Kenya pa msika womwewo. Lonjezo la ntchito 1 miliyoni lomwe tidamva pa kampeni ya 2020, ngakhale likanakwaniritsidwa lonse, likanangokwanira achinyamata a zaka ziwiri ndi theka.

Ntchito zochuluka zimabadwa m'malo ang'onoang'ono omwe nduna sizipita kukadula riboni: pa chigayo, pa shopu yowotcherera zitsulo, pa makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa, pa firiji yosungira mkaka kapena nsomba, pa pampu yothirira dimba. Zonsezi zimafuna chinthu chimodzi, magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba imodzi yokha mwa khumi ndiyo idali ndi magetsi a ESCOM, ndipo namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 tidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wowotcherera wa ku Ndirande amene amadikira magetsi kuti abwere 10 koloko usiku ndiye ayambe kupanga mafelemu a mawindo sangalembe wophunzira ntchito wachiwiri. Pamene zili chonchi, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe lakhala likupita ku fetereza wotsika mtengo chaka ndi chaka, kuthira pa timinda tomwe tikucheperachepera. Ndikudziwa kuti kukhudza makuponi ndi kudziika pamoto, ndipo banja lomwe likudalira matumba awiri aja silingauzidwe kuti lidye magetsi. Koma palibe boma lomwe lidayerekeza kunena poyera chaka chomwe ndalama zimenezi zidzayambe kusamukira ku zinthu zomwe zingamuchotse mwana wa mlimiyo pa khasu.

Maphunziro a ntchito zamanja nawo akufunika kuunikidwanso. TEVETA, yomwe imayang'anira maphunzirowa, ilipo kuyambira 1999, olemba anthu ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro onse kuti ithandize maphunzirowa, ndipo makoleji a m'madera adayamba kutsegulidwa mu 2015. Koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi khamu lomwe likumaliza Fomu 4, ndipo pepala lomwe mwana akutuluka nalo liyenera kukhala loti bwana wa ku Germany kapena ku Japan alizindikire osamubweza m'kalasi. Wopita kunja ali ndi luso lovomerezeka la zamagetsi, zamipope kapena losamalira odwala ali ndi mawu pa malipiro ake, ndipo khomo likatsekedwa amabwera ndi chinthu chomwe angagwiritse ntchito ku Mzuzu kapena ku Zomba. Wopita kukathyola mapeyala amabwera ndi foni ndi malata.

Mwayi wokhala ndi achinyamata ambiri nawonso uli ndi nthawi yake. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 pa avereji. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 4.4. Zikamatsika chonchi, pamabwera zaka zingapo zomwe ogwira ntchito amachuluka kuposa ana ndi okalamba omwe akuwadyetsa, ndipo ndi m'zaka zimenezo momwe dziko limatha kusunga ndalama n'kutukuka. Mtsikana akakhalitsa kusekondale zaka zimenezi zimafika msanga. Koma khamu la kabaza lomwe tikuliona lero lidzakhala la zaka za m'ma 60 pofika 2063, chaka chomwe masomphenya a dziko lino akuti tidzakhale olemera. Ambiri mwa iwo sadalowepo mu thumba la penshoni, chifukwa lamulo la penshoni limagwira omwe adalembedwa ntchito ya pamwezi. Mtukula Pakhomo yemwe lero akuyenda ndi ndalama za mayiko othandiza sadzatha kunyamula mamiliyoni a nkhalamba zopanda munda.

Choncho mgwirizano uliwonse wotumiza anthu kunja uzipita ku Nyumba ya Malamulo ndege isananyamuke, uwerengedwe ndime ndi ndime pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti kholo lidziwe zomwe mwana wake akusainira. Muzilembedwa malipiro enieni atachotsa za nyumba ndi chakudya, ufulu wosintha bwana ngati akukuzunza, yemwe alipire ndege munthu akadwala kapena akamwalira, ndi momwe ndalama za penshoni zomwe wadulidwa kumeneko zidzamutsatire kuno. Ku kazembe wathu kuzikhala munthu amene ntchito yake ndi kuyankha foni ya wantchito wodandaula, osati kungolandira nduna pa bwalo la ndege. Ndipo unduna wa zantchito uzisunga pa kompyuta dzina la aliyense wopita, nambala ya chiphaso chake cha unzika, dzina la munda kapena kampani, masiku omwe wagwira ndi kope la kontirakiti yake, kuti pakadzapezeka zaka makumi awiri zikubwerazi kuti mankhwala opopera m'minda ija adawononga anthu m'chifuwa, loya wawo adzakhale ndi poyambira.